Nkhungu ya m'mawa ndi mabingu a madzulo: kuyankha alimi a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota

Kuyambira kumapeto kwa Okutobala kulowa mu Novembala, kuno ku Nkhotakota munthu umagona thukuta lili kamukamu, ndipo masiku ena ukadzuka m'bandakucha umapeza nkhungu itayala m'madambo a Bua ndi Kaombe komanso mozungulira Chia. Pofika 8 koloko yabalalika, dzuwa layamba kuswa mtengo. Masana mitambo imaunjikana ku mapiri a kumadzulo, madzulo bingu n'kumagunda. Mafunso amene ndalandira sabata zino onse akuzungulira pa nyengo imeneyi.

Bambo wina wa kwa Malengachanzi wafunsa kuti: "Kwagwa mvula ya mabingu kawiri, ndipo m'mawa uliwonse udzu ukumakhala wonyowa. Ndibzale chimanga?"

Bambo, dikirani kaye. Nkhungu ndi mame zimanyowetsa tsamba, sizifika pamene mbewu imagona. Mpweya wochokera pa nyanja umakhala ndi chinyezi chambiri, ndiye usiku kukazizirako pang'ono chinyezicho chimasanduka nkhungu m'malo otsika. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mphepo n'kumawomba kuchoka pa nyanja kulowa kumtunda. Ikafika pa zitunda zolowera ku Ntchisi imakwera, n'kupanga mitambo italiitali yakuda kunsi ija. Usiku zimatembenuka, mphepo imatsikira ku nyanja, n'chifukwa chake asodzi amaona ching'aning'ani pakati pa madzi m'bandakucha pamene kumtunda kuli zii. Mvula yobadwa chonchi imagwa mwa apo ndi apo. Ikhoza kukhuthuka pamudzi panu kwa theka la ola, mudzi woyandikana nawo fumbi lili koboo, kenako n'kusowa masabata awiri. Makolo athu anaitcha chizimalupsa, ndipo sankabzalira.

Sabata yatha ndinagwada m'munda wa mayi wina amene anali atatsegula kale thumba la mbewu. Pamwamba pa mzere panali pakuda bwino, pofewa. Nditakumba ndi khasu, kunyowa kunathera pa zala zitatu basi, kunsi kwake dothi lotentha, lofumbutuka m'manja. Mbewu yoikidwa pamenepo imafufuma, imatulutsa muzu, muzuwo n'kukumana ndi dothi louma. Ndi mtengo umene mbewu yafika masiku ano, kubzala kawiri kumapweteka banja, ndipo zimandiwawa ndikaona munda womera mwa mpatampata chifukwa cha mvula ya tsiku limodzi.

Chitani izi. Ikani chitini chowongoka m'mbali pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. Madzi akafika masentimita awiri ndi theka m'chitinimo, ndiye kuti kwagwa mvula ya mamilimita 25. Mvula yotere ikagwa tsiku limodzi kapena awiri, kakumbeni pa mzere. Ngati chinyezi chalowa kuyambira nsonga ya chala kufika pa mfundo ya dzanja, ndipo dothi likuumbika mukalifinya, kunja kukuonekanso kuti mitambo sikuchoka, bzalani tsiku lomwelo. Kuno mvula yokhazikika imakonda kufika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mphepo ya mpoto ikamabweretsa chinyezi masiku otsatizana. Mverani pa wailesi zimene a Nthambi Yoona za Nyengo akulengeza za boma lathu, chifukwa iwo amaona ngati kutsogoloku kuli ng'amba. Podikirapo malizani mizere pa mpata wa masentimita 75, thirani manyowa, ndipo sungani mitengo ya chinangwa pamthunzi.

Mayi wina wolima dimba kufupi ndi Chia akuti matimati awo ayamba madontho abulauni pa masamba a m'munsi, masambawo akuchita chikasu n'kuuma, chonsecho akuthirira tsiku lililonse.

Mayi, tengani tsamba limodzi muliyang'anitsitse padzuwa. Ngati m'kati mwa dontho muli timizere tozungulira ngati ta pa chitsa cha mtengo wodulidwa ndi sowo, chimenecho ndi chiwawu chimene chimakonda kutentha kophatikiza ndi chinyezi. Nkhungu imene siikuthandiza a chimanga ija, kwa inu ikuwononga, chifukwa tsamba likakhala lonyowa usiku wonse mpaka dzuwa litakwera, matendawa amapeza mpata wolowa. Ndiye mukathirira madzulo ndi kheni pamwamba pa masamba, mwawonjezera maola ena a kunyowa, ndipo madzi othovukira kuchokera pansi amanyamula matenda kuwakweza m'mwamba.

Thirirani m'mawa, patsinde. Thothani masamba onse odwala ndi ogunda pansi, mukawakwirire kutali ndi dimba, ndipo ntchito imeneyi muzigwira masamba atauma, osati mame ali mbwee. Imikani timitengo kuti mphepo izidutsa, phimbirani pansi ndi udzu wouma. Za mankhwala, Dithane kapena kopa amateteza tsamba limene lisanadwale, sachiritsa louma kale. Poperani nkhungu itachoka koma dzuwa lisanakule, ndipo mukaona mitambo yayamba kuunjikana ku mapiri musapopere, mvula idzatsuka ndalama zanu. Muyeso wake ndi masiku odikira musanathyole zalembedwa pa paketi. Chonde masiku amenewo muziwasunga, matimatiwo akudya ndi ana. Chaka chamawa pamalo pomwepo musabzalepo matimati, mbatatesi kapena mabiringano.

Wina wafunsa za makaka amene akuchita chuku pa thandala, ndipo yankho lake ndi lalifupi. Dulani chinangwa tizidutswa ting'onoting'ono, yanikani mopyapyala nkhungu itatha, ndipo anulani dzuwa lisanalowe. Chogona panja nyengo ino chimamwanso chinyezi chimene chinataya masana. Chimene chachita chuku chakuda kapena chobiriwira musasinje.

Mnyamata wina woweta ng'ombe za bambo ake wafunsa ngati kubisala pansi pa mtengo wa mango kuli bwino mabingu akayamba.

Achimwene, ayi, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse. Mphenzi imakonda chinthu chimene chatalika kuposa zinzake, ndipo ikamenya mtengo mphamvu yake imalumphira pa amene ali pafupi, ina imayenda m'nthaka. Ng'ombe zimafa zambiri pakamodzi chifukwa zimaunjikana patsinde, ndipo miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo yatalikirana, mphamvu imalowera kwina n'kutulukira kwina. M'minda ya mpunga ku Bua mulibe chotalika kuposa munthu woimirira ndi khasu paphewa. Chimodzimodzi wa bwato pa nyanja.

Mukaona kung'anima, werengani mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Likamveka musanafike 30, mphenzi ili m'kati mwa makilomita 10 ndipo ikhoza kukufikani ngakhale pamene mulipo mvula isanadonthe. Siyani khasu, tulukani m'madzi, lowani m'nyumba yomangidwa bwino kapena m'galimoto yotseka, mukhale kutali ndi zitseko, mawindo ndi mawaya. Khumbi la m'munda ndi chisakasa cha pamsika zimangotchinga mvula basi. Mukapezeka pamtetete mopanda kothawira, musaunjikane, talikiranani, tsikirani pamalo otsika koma opanda madzi, ndipo musagone pansi. Mubwerere ku ntchito patapita mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Popeza mabingu a kumtunda amakonda masana ndi madzulo, ng'ombe zitulutseni m'mamawa kuti mitambo ikamada zikhale zili pafupi ndi khola.

Ndikudziwa kuti m'midzi mwathu muli mantha okhudza munthu amene wamenyedwa ndi mphenzi, ena amaopa za anthu, ena amaopa kuti moto uwalumphira. Thupi lake silisunga magetsi, mukhoza kumugwira nthawi yomweyo. Onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, wina ayambe kumudina pakati pa chifuwa mwamphamvu mobwerezabwereza pamene ena akusaka njinga yamoto kapena galimoto. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze mtima.