Kodi nyimbo za Gloria Estefan za m'Chisipanishi ndi za ku Cuba zenizeni?

Masiku apitawa ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba zokhudza nyimbo. Mayiwa akuti anakula akumva Gloria Estefan pa wailesi akuyimba m'Chingerezi, ndipo ankamudziwa ngati katswiri wa nyimbo za pop basi, koma posachedwapa anapeza chimbale chake cha 1993 chotchedwa Mi Tierra, chomwe nyimbo zake zonse ndi za m'Chisipanishi, ndipo chawalowa mumtima ngakhale kuti sakumvamo liwu ndi limodzi lomwe. Mtima wawo unayamba kukayika pamene mnzawo wina wodziwa za nyimbo anawauza kuti munthu wokulira ku Miami, amene anatchuka ndi nyimbo za azungu, sangayimbe nyimbo za makolo a ku Cuba zenizeni. Choncho akufunsa ngati mnzawoyo akunena zoona, komanso ngati pali njira imene munthu wosamva Chisipanishi angamvetserere nyimbozi kuti apezemo zoposa kungogwedeza mutu.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso limeneli. Mnzanuyo ali ndi mfundo imene sitingayitaye, ndipo ndifikako, koma pa nkhani yaikulu ndikuona kuti waphonya, chifukwa wayang'ana nkhope imene ili pachikuto cha chimbalecho osafunsa kuti m'situdiyo munali ndani.

Gloria anabadwira ku Havana mu 1957, ndipo banja lake linasamukira ku Miami iye ali wamng'ono kwambiri, Fidel Castro atangotenga boma mu 1959. Bambo ake anali m'gulu la anthu amene anayesa kulanda boma la Castro pa nkhondo ya ku Bay of Pigs mu 1961, anagwidwa n'kukhala m'ndende ku Cuba, kenaka anakamenya nkhondo ku Vietnam m'gulu la asilikali a America, ndipo atabwerako anadwala matenda opuwalitsa thupi amene mwana wawoyu anawasamalira nawo zaka zambiri. Tsono Cuba amene Gloria amamudziwa si wa m'misewu ya Havana, koma wa m'nyumba ya mayi ake ndi agogo ake ku Miami, kumene Chisipanishi chinali chilankhulo cha pakhomo ndipo nyimbo zakale zinkalira tsiku ndi tsiku. Si zoonanso kuti anayamba ndi Chingerezi. Gulu la Miami Sound Machine, lomwe ankayimbamo ndi Emilio Estefan amene anakwatirana naye mu 1978, linatulutsa zimbale zingapo za m'Chisipanishi lisanagwedeze dziko ndi nyimbo ya Conga mu 1985. Mi Tierra, kutanthauza kuti dziko langa, anachijambula ali pachimake pa kutchuka kwake m'Chingerezi, patadutsa zaka zitatu kuchokera pamene basi yawo inachita ngozi ku Pennsylvania mu 1990 iye n'kuthyoka msana. Pa nthawiyo panalibe chomukakamiza kusiya msika umene unkamulemeretsa, ndipo chimbalechi n'chimene chinamupatsa mphoto yake yoyamba ya Grammy.

Kuti tiweruze bwino, tiyenera kudziwa chimene tikuchitcha nyimbo za makolo a ku Cuba. Tsinde la zambiri mwa izo ndi mayimbidwe otchedwa son, amene anabadwira kum'mawa kwa chilumbacho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kumene gitala ndi ndakatulo za anthu ochokera ku Spain zinakumana ndi ng'oma komanso kayimbidwe kolandizana ka anthu a ku Africa, Ayoruba, Akongo ndi ena, amene anatengedwa ukapolo kukalima nzimbe. Ukapolo ku Cuba unatha mochedwa, mu 1886, n'chifukwa chake zambiri za ku Africa zinali zikadali zamoyo pamene son ankakhwima. M'zaka za m'ma 1920 magulu monga Sexteto Habanero ndi Septeto Nacional anamutchukitsa ku Havana, ndipo m'ma 1940 Arsenio Rodríguez, woyimba wosaona amene anali mdzukulu wa anthu a ku Congo, anawonjezamo ng'oma yaitali ya conga, piyano ndi malipenga angapo. Pambali pa son pali danzón, gule waulemu wa anthu awiriawiri amene anayambira ku Matanzas mu 1879, ndiponso bolero, nyimbo yachikondi yoyenda pang'onopang'ono imene inachokera ku Santiago de Cuba m'ma 1880.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnzanuyo. Mmodzi mwa anthu amene anayimba besi m'chimbale cha Mi Tierra ndi Israel López, wodziwika ndi dzina loti Cachao, amene anabadwa mu 1918 ndipo pamodzi ndi mkulu wake Orestes anasintha kayimbidwe ka danzón chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mpaka kubala mayimbidwe amene dziko linadzawadziwa ndi dzina loti mambo. Munthu ameneyu sanaphunzire nyimbo za Cuba m'buku, koma ndi mmodzi mwa amene anazipanga. Anachoka ku Cuba mu 1962, ndipo kwa zaka zambiri ku Miami ankangoyimba m'maukwati ndi m'mapwando, anthu ambiri osadziwa kuti pakati pawo pali chiphona. Munalinso Arturo Sandoval woyimba lipenga, amene anali atangothawa ku Cuba mu 1990, Paquito Hechavarría pa piyano, ndi Juanito Márquez amene anakonza kalukidwe ka nyimbo zambiri ndipo anali atagwira kale ntchito imeneyi ku Cuba asanasamuke. Chinthu chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: pamene chimbale cha Buena Vista Social Club chinatuluka mu 1997, dziko lonse n'kuvomereza kuti amenewo ndiwo mawu enieni a Cuba, amene ankayimba besi mmenemo anali Orlando López, wotchedwa Cachaíto, mwana wa Orestes uja. Banja ndi limodzi, dzanja ndi lomwelo, kungoti bambo wamng'ono anali ku Miami pamene mwana wa mkulu wake anali ku Havana. Sindikuona chifukwa chonenera kuti besi ya mmodzi ndi yeniyeni pamene ya winayo ndi yabodza.

Komabe mnzanuyo sakulankhula zopanda pake. Nyimbo za m'chimbalechi si zakale ayi, zinapekedwa chatsopano motsanzira mayimbidwe a m'ma 1930 mpaka 1950, ndipo zinajambulidwa mosalala kwambiri, mwina mopitirira muyeso kwa munthu amene anazolowera zimbale zakale zomveka fumbi ndi thukuta la m'bwalo. Ngakhale chithunzi cha pachikuto, chopanda mitundu, Gloria atavala ngati mayi wa ku Havana wa masiku amakedzana, maluwa ali m'tsitsi, chikusonyeza kuti Cuba ameneyu ndi wa m'chikumbumtima, wosambitsidwa ndi kupukwa kwa anthu amene anachoka kwawo osadziwa kuti sadzabwereranso. Ndiponso Gloria si woyimba wa mtundu wa Celia Cruz, amene ankatha kupeka mawu pomwepo nyimbo ili mkati, n'kumalimbana ndi malipenga mpaka malipengawo kugonja. Liwu la Gloria ndi lofatsa, lotsika, losakonda kudzionetsera, ndipo m'nyimbo zothamanga nthawi zina zida ndi zimene zimamunyamula. Koma mwa kuona kwanga, nzeru yake inali yodziwa malire akewo n'kuwasiyira akuluakulu aja malo oti alankhule, chinthu chimene akatswiri ambiri a pop amalephera akalowa m'nyimbo za makolo.

Tsopano za kamvetseredwe. Chinthu choyamba kuchisaka si mawu, koma timitengo tiwiri touma totchedwa claves, timene timagunda kasanu mobwerezabwereza, katatu kenaka kawiri, kapena kawiri kenaka katatu. Ine ndinaphunzira kagundidwe kameneka kukhitchini ndi mithiko iwiri, wina nditaugoneka pa chikhatho chopinda kuti uzilira bwino, wina ndikumenyera. Werengani mofulumira koma mosadukiza kuchokera pa 1 mpaka 16, ndipo muzigunda pa 1, 4, 7, 11 ndi 13 pokha, kenaka n'kuyambiranso. Poyamba dzanja limafuna kugunda molingana ngati nyimbo ya perete, ndipo kugunda kwachiwiri kuja, kwa pa 4, kumakhala ngati kwafulumira, koma tsiku limene thupi lidzakuvomereze mudzayamba kumva kuti piyano, malipenga ngakhalenso liwu la woyimba zonse zatsamira pa timitengo timeneti, ngakhale m'nyimbo zimene timitengoto sitikumveka n'komwe. Oyimba a ku Cuba amaona kuti kusemphana ndi kagundidwe kameneka, kotchedwa clave, ndi cholakwa chachikulu, ndipo ovina amachizindikira msanga.

Mukapeza zimenezo, tcherani khutu ku besi. M'nyimbo za pop zimene munazolowera, besi imagwa pamodzi ndi phazi lanu pa chiyambi cha muyeso uliwonse. Mu son besi kawirikawiri imadumpha malo amenewo, imafika msanga pang'ono ngati munthu amene wakutsegulirani chitseko musanagogode, ndipo mpata umene yasiyawo ndi umene umakoka chiuno kuti chiudzaze. Kayimbidwe kameneka amakatcha tumbao, ndipo Cachao anali katswiri wake. Mudzamvanso kagitala kolira mokweza kotchedwa tres, kamene kali ndi nsambo zisanu ndi imodzi zoikidwa ziwiriziwiri, ting'oma tiwiri tophatikizana ta bongó, maseche a maracas, ndi chikho chokhala ndi mizere chimene amachikwecha ndi kamtengo, chotchedwa güiro.

Gawo limene ndikukhulupirira kuti simudzavutika nalo ndi lotchedwa montuno, ndipo m'chimbalechi muli nyimbo ya dzina lomweli. Nyimbo ya son imayamba ndi ndime zofotokoza nkhani, kenaka imatembenuka: gulu limagwira mawu ochepa n'kumawabwereza, wotsogolera n'kumaponya mawu ake pakati, piyano ikuzungulira pamalo amodzi, moto n'kumakolera. Aliyense amene anaimapo pa bwalo la chimtali, kapena kumva amayi akulandizana nyimbo pa mtondo, akudziwa kale mmene zimenezi zimayendera, wina kutsogolera ena kuvomera. Sindikunena kuti son anachokera kwathu kuno, chifukwa mizu yake ya ku Africa ili makamaka kumadzulo ndi ku Congo, koma khutu lathu linaleredwa ndi kayimbidwe kolandizana komweko, choncho tili ndi poyambira pamene omvera ena alibe.

Kumene Gloria amawala payekha ndi mu bolero. Mvetserani nyimbo yoyamba m'chimbalechi, Con los años que me quedan, imene mutu wake ukutanthauza kuti ndi zaka zimene zanditsalira, ndipo ndi lonjezo la munthu amene akufuna kukonza chikondi chimene anachilakwira. Muyimvere usiku, pamalo opanda phokoso, ndipo muone mmene amachedwetsera liwu kumapeto kwa mzere, osakuwa, osalikometsera ndi zambiri, magitala akumuyankha pang'onopang'ono. Kufatsa kumene kumaoneka ngati kuchepekedwa m'nyimbo zothamanga kumasanduka mphamvu pano, chifukwa bolero imafuna munthu wolankhula ngati ali nanu pafupi.

Za kusamva Chisipanishi, musade nazo nkhawa kwambiri, pakuti muli m'gulu la anthu olemekezeka. Kuyambira mu 1933 kampani ya HMV inkagulitsa mu Africa zimbale za nyimbo za ku Cuba zokhala ndi chizindikiro cha GV, ndipo zinafika mu mzinda wa Léopoldville, umene lero ndi Kinshasa, kumene zinkaliranso pa wailesi. Anyamata a kumeneko sankamva Chisipanishi, koma anazindikira kagundidweko ngati m'bale amene wabwerera kuchokera kutali, moti ena ankayimba motsanzira kamvekedwe ka mawuwo asanayambe kuikamo Chilingala. Mmenemo ndi mmene munatuluka African Jazz ya Grand Kallé mu 1953 ndi OK Jazz ya Franco mu 1956, ndiye kuti rumba ya ku Congo imene makolo athu ankavina ndipo ife tikuvinabe. Ndimakumbukira bambo anga madzulo ali pakhonde, wailesi ya mabatire ili pa mpando, akugogoda botolo ndi kiyi motsatira nyimbo ya ku Zaire, ndipo patapita zaka zambiri ndi pamene ndinazindikira kuti chimene ankagogodacho chinali pachibale ndi clave. Mwina n'chifukwa chake chimbale cha Gloria chakulowani mumtima mosavuta.

Ngakhale zili choncho, ndikulangizani kuti nyimbo ikakukhazikikani m'thupi, mudzafufuze tanthauzo la mawu ake pa intaneti, makamaka nyimbo ya Mi Tierra yeniyeniyo, imene ikunena za dziko limene limamuitanabe mwana wake ali kutali. Anaipeka ndi Estéfano, wa ku Colombia osati ku Cuba, ndipo anthu a m'mayiko ambiri a ku Latin America okhala kunja anailandira ngati yawo. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London amene papita zaka asanaponde kwawo, mudzamva chimene nyimboyo ikunena.

Mukatha pamenepo, pitani kumene Gloria anatunga. Yambani ndi Trío Matamoros kuti mumve son asanavale zambiri, kenaka Arsenio Rodríguez, Benny Moré, ndi Celia Cruz wa zaka zimene ankayimba ndi gulu la Sonora Matancera, komanso zimene Cachao anajambula ku Havana mu 1957, pamene anasonkhanitsa anzake usiku atatuluka ku ntchito zawo za m'makalabu kuti aziyimba momasuka. Gloria mwiniyo anabwereranso ku mayimbidwe amenewa mu 2007 ndi chimbale cha 90 Millas, chimene dzina lake likunena za mtunda wa mamailosi 90 a nyanja pakati pa Florida ndi Cuba, ndipo Cachao anayimbamonso, chaka chimodzi asanamwalire. Mnzanu uja mukamuitane mudzamvere limodzi, muyambe ndi Cachao wa 1957 kenaka Mi Tierra, ndipo mumupemphe kuti atchere khutu ku besi yokha.