Atchaina a ku Malaysia amavotera thumba kapena chilungamo?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti: poti Atchaina ambiri a ku Malaysia ndi anthu a bizinesi, kodi pa chisankho amasankha chipani choteteza chuma chawo, kapena chomwe akuchiona kuti chili pa chilungamo? Zikomo achimwene. Kuona kwanga, ziwirizi zonse zimabwera pambuyo. Chimene chimawatsogolera kwambiri ndi mantha.

Atchaina ndi pafupifupi anthu 23 mwa 100 alionse a m'dzikolo. Pa 13 May 1969, chisankho chitangotha, ku Kuala Lumpur kunabuka zipolowe pakati pa Amalay ndi Atchaina. Boma linati anafa anthu 196, ambiri mwa iwo Atchaina. Mu 1971 boma linayambitsa ndondomeko ya New Economic Policy yokondera Amalay ndi mitundu ina ya eni nthaka, omwe amatchedwa Bumiputera, pa malo a kuyunivesite, ntchito za m'boma ndi makontirakiti. Ngakhale pogula nyumba yatsopano, Bumiputera amamuchotserako mtengo, mnzake wa Chitchaina n'kulipira wonse.

Nanga ankavoteranji boma lotero? Chipani cha Atchaina cha MCA, chomwe chinali mumgwirizano wolamula wa Barisan Nasional pamodzi ndi UMNO, chipani cha Amalay, chinkawauza kuti kuli bwino kukhala mkati n'kumapempha pang'onopang'ono, sukulu za pulayimale za Chitchaina zisatsekedwe, sitolo zizitsegulidwa m'mawa uliwonse. Pamene chuma chinkakwera m'zaka za m'ma 1990, mfundoyi inkamveka ndithu.

Chisankho cha 1999 ndiye chimandiphunzitsa zambiri. Nduna yaikulu Mahathir Mohamad anali atachotsa wachiwiri wake Anwar Ibrahim mu 1998, Anwar n'kumenyedwa m'chitokosi mpaka diso kutupa, ndipo Amalay ambiri anakwiya. Chipani chotsutsa cha DAP, chomwe Atchaina ambiri amachikonda, chinagwirizana ndi PAS, chipani chofuna malamulo a Chisilamu. Kumbukirani kuti mu May 1998 Atchaina a ku Indonesia, dziko loyandikana nalo, anawotcheredwa masitolo. Mavoti a Atchaina anathandiza kupulumutsa Mahathir, ndipo mkulu wa DAP, Lim Kit Siang, anataya mpando wake m'chigawo cha Penang. Sikuti sankaona zimene Anwar anachitiridwa. Anaziona, koma anaopa mawa.

Zinthu zinatembenuka mu 2008, pamene Barisan Nasional inalephera kupeza magawo awiri mwa atatu a mipando ya m'nyumba ya malamulo, DAP n'kutsogolera boma la Penang. Mu 2013, Atchaina ambiri atavotera otsutsa, nduna yaikulu Najib Razak anadandaula za "tsunami ya Atchaina", ndipo nyuzipepala ya Utusan Malaysia inafunsa patsamba loyamba kuti Atchaina akufunanso chiyani. Pofika 2018, ndi nkhani ya kubedwa kwa ndalama za 1MDB, kampani ya boma ya zachitukuko, thumba ndi chilungamo zinaloza kumodzi: katangale anali atayamba kuluma aliyense. MCA inangopata mpando umodzi.

Lero ndiye pavuta. Pa chisankho cha November 2022 DAP inapeza mipando 40, koma PAS inapeza yoposa apo. Kuti Anwar akhale nduna yaikulu, DAP inalowa m'boma limodzi ndi UMNO yomweyo imene inkaitcha ya akuba. Mu September 2023 milandu 47 ya katangale ya mtsogoleri wa UMNO, Ahmad Zahid Hamidi, inaimitsidwa ali wachiwiri kwa nduna yaikulu, ndipo DAP sinatuluke m'boma. Munthu amene anavotera DAP zaka zonsezi chifukwa chodana ndi katangale akuuzidwa mawu omwe aja MCA inkauza bambo ake: pirirani, tikatuluka kubwera oipa koposa. Ine sindingamuweruze akapirira, chifukwa amene adzakhale pansi pa boma la PAS ndi iyeyo, osati ine.

Komabe kupirira kuli ndi malire. Pa chisankho cha m'chigawo cha Sabah mu November 2025, DAP inagonja pa mipando yonse 8 imene inapikisanapo. Enanso ambiri, makamaka achinyamata ophunzira, sadikira n'komwe chisankho: amawoloka mlatho wa ku Johor Bahru kukagwira ntchito ku Singapore, kumene dola imodzi ya kumeneko imasinthidwa ndi ma ringgit, ndalama ya ku Malaysia, oposa 3.