Musatumize ndalamazo, inenso ndinalonjezedwa malo pa Old Course

Achimwene, musatumize ndalamazo kwa munthu amene wakulonjezani malo osewera gofu pa bwalo la Old Course ku St Andrews, ku Scotland, ndipo ngati mwatumiza kale theka, imani pomwepo kufikira mutaona ndi maso anu kalata yochokera ku St Andrews Links Trust, bungwe loyang'anira bwalolo, yokhala ndi dzina lanu, tsiku ndi ola loyambira. Mawu amene munthuyo wakuuzani, akuti amadziwana ndi anthu a m'kati, ndi omwewo amene ine ndinauzidwa ndi Mmalawi mnzathu amene tinkadyera naye nsima mbale imodzi pa misonkhano yathu kuno ku Manchester, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Amalume anga ananyamula zikwama za gofu za anthu ena ku Lilongwe kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera, ndipo ndi iwo amene anandigwiritsa ndodo ya gofu koyamba. Old Course ankaidziwa bowo ndi bowo asanaipondepo, chifukwa ankamvetsera nkhani za anthu amene ankawanyamulira zikwama ndipo ankasunga magazini akale amene anthuwo ankataya. Tiger Woods atapambana mpikisano wa The Open pabwalo limeneli mu 2000, osagwetsa mpira m'dzenje la mchenga ngakhale kamodzi masiku onse anayi, amalume anaikamba nkhaniyo chaka chathunthu ngati kuti anali pomwepo. Choncho chitupa chawo chowalola kudzandiona chitatuluka, ndinatsimikiza mtima kuti sadzabwerera kumudzi asanamenye mpira pabwalo limenelo. Ndinagwira ntchito usiku miyezi iwiri, ndipo ndinatumiza mapaundi 700 ku akaunti ya munthu uja, m'magawo awiri. Iye ananditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti zonse zatheka, tiyambe 9 koloko m'mawa Lamulungu.

Tinanyamuka Loweruka pa sitima kudzera ku Edinburgh mpaka ku Leuchars, chifukwa ku St Andrews kulibe siteshoni ya sitima, ndipo kuchokera pamenepo tinakwera basi nambala 99 kulowa m'tauni kutada kale. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene ku Scotland kumacha msanga kwambiri, ndipo pamene ndinkadzuka cha m'ma 5 koloko ndinapeza amalume atakhala m'mphepete mwa bedi, atasita kale buluku lawo, akupukuta ndodo zawo imodziimodzi ndi kansalu konyowa. Ndodozo anazitenga kuchokera kumudzi ndipo anakana kuti ndiwabwerekere zatsopano. Panali ina yakale kwambiri, nambala 7, imene chogwirira chake chinatha kalekale ndipo anachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Imeneyo anaipukuta kawiri.

Titatsika kulowera kunyanja, tinaona nyumba yamiyala ya kalabu ya gofu ya Royal and Ancient imene amalume ankaiona pazithunzi zokha, ndipo anaima kaye osalankhula. Koma ine ndinayamba kuona kuti china chake chalakwika. Pabwalo lonse panalibe munthu ngakhale mmodzi wonyamula ndodo. Panali mabanja akuyenda ndi agalu awo, ana akuthamangitsana pa udzu, ndi gulu la alendo litandanda kudikira kujambulitsa pa kamlatho kamiyala ka Swilcan. Ife awiri tokha ndi amene tinali ndi zikwama kumsana, titavala nsapato za gofu, ndipo anthu ankatiyang'ana akamadutsa. Mayi wina wachikulire amene anali ndi kagalu koyera anatiyandikira n'kutifunsa mwaulemu kuti tikufuna bwalo liti. Nditamuonetsa uthenga uja pafoni, nkhope yake inagwa. Anatifotokozera kuti Old Course saiseweretsa Lamulungu, kupatula pakakhala mpikisano waukulu monga The Open, kuti ndi mwambo wakale umene Old Tom Morris, amene ankasamalira bwalolo m'zaka za m'ma 1800, anaugwiritsitsa kuti udzu uzipuma, ndiponso kuti malowo ndi a anthu a m'tauniyo kuyambira kalekale, n'chifukwa chake tsiku limenelo aliyense amaloledwa kuyendapo. Anatinso palibe munthu aliyense wa ku St Andrews, ngakhale mwana wa sukulu, amene sadziwa zimenezi.

Ndinaimbira munthu uja foni kakhumi ndi kamodzi nditaima pomwepo, manja akunjenjemera. Sanayankhe. Ndinalemba uthenga ndipo ndinaona kuti wauwerenga, kenaka chithunzi chake chinazimiririka pa WhatsApp, kusonyeza kuti wanditsekera. Sindinathe kuwayang'ana kumaso amalume. Iwo anatula chikwama pansi, anavula chipewa, anagwada n'kuika chikhatho chawo pa udzu wa pamalo oyambira bowo loyamba, n'kuusisita pang'onopang'ono monga mmene munthu amayesera nsalu pamsika. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, usadandaule, tafika ndithu." Akadandikalipira zikadandipepukira, koma mawu amenewo ndi amene anandigwetsa misozi pamaso pa anthu osawadziwa. Munthu amene ananyamulira ena zikwama moyo wake wonse anafika pakhomo penipeni pa bwalo limene ankalilota, atanyamula chikwama chakechake, ndipo ine mwana wa mlongo wawo ndinalephera kuwalowetsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa munthu uja n'chakuti amalume anawaona. Anabwera kunyumba kwanga, anawapatsa moni atagwira pamkono, anawatchula kuti bambo, anadya nafe nkhuku imene mkazi wanga anaphika, ndipo anamvetsera amalume akufotokoza za Road Hole, bowo la 17 la Old Course, maso akuwala. Anatuluka m'nyumba mwanga akudziwa kuti ndalama wadya ndipo palibe chimene wakonza. Sanavutike n'komwe kufufuza kuti bodza lake ligwere tsiku limene bwalo limakhala lotsegula. Mbava ya pamsewu imakubera isakukudziwa, koma uyu anasankha ife chifukwa ankadziwa kuti Mmalawi sapempha lisiti kwa Mmalawi mnzake, ndipo ankadziwanso kuti manyazi adzanditseka pakamwa. Ananditsekadi kwa nthawi yaitali. Nditakadandaula kwa akuluakulu a gulu lathu, anandiuza kuti nkhani za pachibale sitipita nazo kupolisi, tikambirane, ndipo kukambiranako sikunabweze ngakhale paundi imodzi. Pambuyo pake ndinamva kuti sindinali woyamba. Amene anaberedwa ine ndisanaberedwe akadalankhula, amalume anga sakadagwada pa udzu uja opanda choti achite.

Mayi wa kagalu uja ndi amene anatipulumutsa tsiku limenelo. Anatiuza kuti mabwalo ena oyandikana ndi Old Course amatsegula Lamulungu, ndipo anatiperekeza yekha mpaka kunyumba yolembetsera. Tinapeza mpata 4 koloko madzulo pa Jubilee, bwalo limene linatsegulidwa mu 1897 ndipo lili kufupi kwambiri ndi nyanja kuposa anzake, pakati pa bwalo la New Course ndi mchenga wa gombe la West Sands. Ndinalipira ndi ndalama zimene ndinasungira lendi, ndipo sindinanong'oneze bondo.

Kumeneko n'kumene ndinaphunzira tanthauzo la bwalo la links. Ndi nthaka yamchenga ya pakati pa nyanja ndi minda, yopanda mitengo, yokhala ndi timapiri ndi tizigwa timene palibe munthu anatisalaza, ndipo madzi a mvula amalowerera msanga osakhazikika, choncho pansi pamakhala pouma gwa. Mphepo yochokera kunyanja ya North Sea inkawomba mosalekeza ngati mwera wa mu Julayi ku Nkhotakota, koma yozizira yolowa m'mafupa. Ine amene ndinazolowera mabwalo ofewa a ku England ndinkakweza mpira m'mwamba, ndipo mphepo inkautenga n'kukauponya m'zitsamba zaminga za maluwa achikasu zimene amazitcha gorse, mmene dzanja silingalowe. Ndinataya mipira isanu tisanafike bowo lachisanu ndi chinayi. Pa bowo lina ndinagwera m'dzenje la mchenga lakuya kufika m'chifuwa, khoma lake lomangidwa ndi zigamba za udzu zosanjikiza ngati njerwa, ndipo ndinamenya katatu mpira ukugunda khoma n'kubwerera pamapazi panga, kufikira amalume atandiuza kuti nditulukire cham'mbali.

Iwo ankasewera ngati anabadwira komweko. Ankatenga nambala 7 yawo ya mphira ija, kuika mpira kufupi ndi phazi lakumbuyo, n'kuumenya mwachidule kuti uyende chapansipansi, ugwe kutali ndi green, malo a udzu wosalala pamene pali bowo, n'kugubuduka wokha kukwera ndi kutsika timapiri mpaka kukaima pafupi ndi mbendera. Nthawi zina ankatulutsa putter, ndodo yogubuduzira mpira pa green, ali mapazi makumi atatu kunja kwa green. Nditawafunsa kuti anaphunzira kuti zimenezi, anandiyankha kuti bwalo limeneli silisiyana ndi la kwathu mwezi wa Okutobala, udzu utapserera ndipo nthaka italimba, pamene mpira woukweza m'mwamba umadumpha n'kupitirira. Anandigonjetsa ndi mabowo asanu ali ndi zaka zoposa 60. Tinamaliza 8 koloko itadutsa dzuwa likadalipo, ndipo tinabwerera kudzera pa Old Course, anthu atachepa. Anapita kukaima m'mphepete mwa dzenje la mchenga la Road Hole pa bowo la 17, limene Tommy Nakajima anamenyamo kanayi asanatuluke mu 1978, analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anawoloka kamlatho ka Swilcan chikwama chili kumsana. Chithunzi chimenecho chili pakhoma kunyumba kwawo. Tinanyamuka Lolemba chifukwa ndinayenera kubwerera kuntchito, ndipo tsopano mawondo awo sawalolanso kuyenda ulendo wautali chotero.

Tsono mverani, achimwene. Njira yolowera pa Old Course kwa munthu wamba ilipo ndipo sifuna mkhalapakati. Tsiku lililonse, kupatula Lachisanu, amachita maere a masiku awiri akutsogolo. Mumalembetsa mayina a anthu osachepera awiri isanakwane 2 koloko masana, zotsatira zimatuluka madzulo a tsiku lomwelo, ndipo kulembetsako n'kwaulere, mumalipira mukasankhidwa. Lachisanu sachita maere chifukwa tsiku lake likadagwera Lamulungu. Amafuna umboni wa handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera, yosapitirira 36, ndipo munthu uja anandiuza kuti zimenezi n'zosafunika, lomwe linali bodza linanso. Mtengo wake m'miyezi yotentha umapitirira mapaundi 300 pa munthu mmodzi, choncho wina akakutchulirani mtengo wotsika kwambiri, chenjerani naye. Konzani zokhala m'tauniyo masiku anayi kapena asanu kuti mulembetse maere kangapo, ndipo masiku odikirawo sewerani New Course, imene inatsegulidwa mu 1895, kapena Jubilee, kapena Eden, kapena pitani ku Crail, mtunda waufupi kutsatira gombe la Fife, kumene bwalo la Balcomie lili pamwamba penipeni pa nyanja. Tengani jekete losalowa madzi, chipewa chaubweya ngakhale mu Juni, ndi mipira yambiri yotsika mtengo. Musanapite, yesererani kumenya mpira wapansi.

Mukasankhidwa, lipirani wonyamula chikwama wa komweko ngakhale ndalama zikhale zochepa, chifukwa bwalolo lili ndi maenje a mchenga 112 ndipo ambiri saoneka muli pamalo oyambira. Ma green asanu ndi awiri amagwiritsidwa ntchito ndi mabowo awiriawiri, moti mlendo akhoza kulunjika mbendera yolakwika. Pa bowo la 14 pali dzenje lotchedwa Hell limene Jack Nicklaus anamenyamo kanayi mu 1995 n'kumaliza bowolo atamenya mpira ka 10. Mumulemekeze munthu wonyamula chikwamayo ndipo mumupatse kangachepe kooneka pomaliza, chifukwa ine ndinaleredwa ndi ndalama za ntchito imeneyo.

Ndanena kuti musakhulupirire munthu wonena kuti amadziwana ndi a m'kati, komabe sindingakubisireni kuti kudziwana ndi munthu wokhala komweko kumathandiza kwambiri, pakuti ife tinathandizidwa ndi mayi amene sitinamudziwe n'komwe, ndipo amene amasewera kumeneko chaka chonse amadziwa masabata amene bwalo limatsekedwa chifukwa cha mipikisano. Ngati muli ndi mnzanu wotero mufunseni, kungoti ndalama zisadutse m'manja mwake. Ndiponso ngakhale Lamulungu ndi limene linandichititsa manyazi, konzani ulendo wanu kuti Lamulungu likupezeni ku St Andrews, muyende mabowo onse 18 wapansi popanda kulipira, muone maenjewo ndi maso anu musanakumane nawo ndi mpira. Munthu wanuyo mufunseni lero lomwe tsiku limene wakusungirani ndi nambala ya kalata yotsimikizira, kenaka imbani nokha ku St Andrews Links Trust mufunse ngati dzina lanu lilipo. Akayamba kuzengereza kapena kukwiya kuti simukumukhulupirira, mundilembere kumbali mundiuze dzina lake, chifukwa ndikufuna kudziwa ngati ali yemwe uja.