Pokonzekera amagoletsa, tsiku la mpikisano amaphonya: vuto lili pati?

Mphunzitsi wina wa kupulayimale watumiza funso pa imelo: "Ndimaphunzitsa atsikana a Sitandade 6 ndi 7 mpira wa ntchemberembaye. Oponya anga amaima pamalo amodzi n'kuponya ka 50, ndipo yambiri imalowa. Tikakumana ndi sukulu ina, amangophonya. Kodi ndi mantha?"

Aphunzitsi, mantha alipo ndithu, koma gwero lenileni ndi kakonzekeredwe kanu. Mwana akamaponya ali pamalo amodzimodzi, amayeza mtunda ulendo woyamba wokha. Maulendo otsalawo dzanja limangobwereza. Pampikisano mpira uliwonse umamupeza pamalo atsopano, wotchinga ali patsogolo, wakweza manja.

Mu 1979, akatswiri ofufuza awiri, Shea ndi Morgan, anayesa magulu awiri a anthu ophunzira ntchito zitatu zamanja. Gulu lina linkamaliza ntchito imodzi lisanayambe ina, linalo linkasakaniza. Pophunzira, osakanizawo ankaoneka otsalira. Atawayesanso patapita masiku 10, iwo ndi amene anachita bwino. Nawonso ana anu mukayamba kusakaniza, mabasiketi adzayamba achepa kaye. Musabwerere m'mbuyo.

Kubwereza pamalo amodzi kuli ndi nthawi yake. Amene akungoyamba kumene aime pafupifupi mita imodzi kuchokera pamtengo wa golo, aponye ka 10, apume, abwerezenso kawiri. Golo lili m'mwamba mamita 3.05, choncho mwana wamng'ono mukamuimika patali amakankha mpira kuchokera pachifuwa m'malo mouponyera pamwamba pa mutu, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchotsa. Akayamba kulowetsa 6 kapena 7 mwa 10, msamutseni.

Apa m'pamene pali ntchito. Malo oponyera amafika mamita 4.9 kuchokera pagolo. Ikani zizindikiro zisanu ndi phulusa: ziwiri pafupi, ziwiri m'mbali, chimodzi pakati chapatali. Inu muzitchula chizindikiro mosatsata dongosolo, iye athamangireko, alandire mpira, atembenuke, aponye kamodzi basi. Sabata yotsatira muikepo wotchinga ataima mamita 0.9 kuchokera pa woponya, monga malamulo amanenera, ndipo wina aziwerenga masekondi atatu mokweza. Ana ambiri amaphonya chifukwa pokonzekera anazolowera kuugwira mpira mpaka mtima utakhala pansi, pomwe woyimbira sawapatsa mpata umenewo.

Kaponyedweko musakadule zidutswa. Mawondo, chigongono ndi zala zimagwira ntchito motsatizana mwachangu. Mukaphunzitsa dzanja palokha, mphamvu yochokera kumiyendo imasowa ndipo mpira umathera panjira. Chomwe mungachipatule ndi katsikidwe ka mapazi polandira mpira, poti phazi loyamba kutera silololedwa kunyamuka n'kupondanso mpira uli m'manja. Chimenechi achite kaye opanda golo, kenako mulumikize ndi kuponya.

Kuponya kwa mphindi 15 katatu pasabata kumapindula kuposa ola lathunthu Lachisanu lokha. Mkono ukatopa kaponyedwe kamasokonekera, ndiye mwana amakhala akuloweza zolakwika. Komabe nthawi zina aponye atangotha kuthamanga, chifukwa mpikisano umafuna kuponya munthu ali wefuwefu.

Mpira ukakhala umodzi, musaike ana 20 pamzere umodzi, poti aliyense adzaugwira kawiri kapena katatu kokha. Agaweni atatuatatu: woponya, wotchinga, wopatsira. Ena azichita za mapazi ndi mpira wachikulunga.

Chinanso, musamalankhule mpira uliwonse ukaponyedwa. Dikirani aponye kasanu, mufunse kaye, "Iwe waona kuti chalakwika n'chiyani?" kenako mutchule chinthu chimodzi chokha.

Poyeza ngati akupita patsogolo, musawerenge za kumapeto kwa tsiku lomwelo. Yesani Lolemba asanayambe kukonzekera: mipira 20 pazizindikiro zosakaniza, wotchinga alipo, ndipo zotsatira muzilemba m'kope sabata iliyonse.