Napolo wa chipale: yankho kwa achemwali a ku Tromsø

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Chibavi amene akuphunzira ku Tromsø, m'dziko la Norway. Akuti chipale chagwa chambiri, ndipo anzawo akuwakokera kuphiri Loweruka. Funso lawo: "Achimwene, munthu umadziwa bwanji kuti chipale chikhoza kugumuka?"

Achemwali, ife tikamva za kugumuka kwa phiri timakumbukira Napolo wa ku Phalombe mu 1991, kapena matope a Freddy amene anatsika ku Soche mu 2023. Koma Napolo wathuyu amabwera ndi chimvula. Wa chipale amathanso kudzuka dzuwa likuswa mtengo, ndipo kawirikawiri womudzutsa amakhala yemweyo wokwiririkayo, kapena mnzake.

Chipale chimagwa masiku osiyana n'kumasanjikizana. Pansi pamatha kutsala chosagwirana, chonga shuga, kenako mphepo n'kudzaunjikapo china cholimba ngati thabwa. Tayerekezani mwayala mphasa pa chimanga chotonola pamalo otsetsereka, n'kupondapo. Ndi momwemo. Vuto ndi loti shugayo saoneka. Pamwamba pamangoti mbee! N'chifukwa chake odziwa amakumba dzenje n'kumabaya chipalecho ndi chibakera, chala, pensulo, kuti apeze pofooka. Inu musadalire dzenje limodzi, chifukwa mamita ochepa kutsogoloko zimakhala zina.

Dalirani makutu ndi maso. Mukaponda n'kumva pansi pakuti "vuuu!" ngati paphwa mpweya, kapena ming'alu ikuthamanga kuchokera kumapazi anu, kapena mukuona pena pagumuka kumene, bwererani. Osachita kukambirana.

Malo ambiri ogumuka ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka mbali imene mphepo imatayira chipale. Kuyenda pachigwa m'munsi mwa malo otere n'chimodzimodzi kukhala pansi pa denga lovunda.

Musanavale nsapato, tsegulani Varsom, tsamba la pa intaneti limene a ku Norway amalengezerapo za ngozi ya kugumuka kwa chipale. Ngozi amaiika pa mlingo wa 1 mpaka 5, umene mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993. Musapusitsidwe ndi 3. Ife a kusukulu timaona ngati 3 ndi yapakatikati, koma pafupifupi theka la omwalira ku Ulaya amafa pa 3, poti pa 4 ndi 5 anthu amaopa okha n'kukhala kunyumba.

Aliyense pagulupo anyamule fosholo, ndodo yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro choti anzake amupezere akakwiririka, koyatsa, kovala m'kati mwa jekete. Wofukulidwa m'mphindi 15 zoyamba nthawi zambiri amapulumuka. Likadutsa theka la ola, ambiri amakhala atabanika. Ndege yopulumutsa imafika mochedwa, okumba ndi anzanu omwewo. Pamalo okayikitsa muziwoloka mmodzimmodzi.

Ine kuzizira kwa mu Juni kuno ku Mzuzu kumandikwana kale. Koma inu, Lachisanu usiku afunseni anzanuwo kuti Varsom yati chiyani za phiri limenelo. Akayamba kuyang'anana, Loweruka likupezeni mukuphika tiyi.