Msewu watsopano udzalambalala malo anga odyera, kodi ngongole nditenge?

Funso: Ndili ndi malo odyera m'mbali mwa msewu waukulu. Ambiri odya pano ndi madalaivala a mathiraki ndi apaulendo a m'mabasi. Tamva kuti msewu watsopano udzalambalala tauni yathu, koma ine ndimafuna kukatenga ngongole ku banki kuti ndiwonjezere chipinda. Ndipitirize?

Yankho: Mayi, ngongoleyo iyambe yaima. Anthu amene mumawadyetsawo anabwera ndi msewu, ndipo msewu ukasamuka adzasamuka nawo.

Zoterezi zinagwetsa mabanja ambiri ku America. Msewu wa Route 66, wochokera ku Chicago kukafika ku Los Angeles, unakhazikitsidwa mu 1926, ndipo m'mbali mwake munadzaza timalo todyera, togona ndi tothira mafuta. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu ya Interstate, yomwe galimoto sizingoima paliponse. Matauni anayamba kulambalalidwa, ndipo mu 1985 Route 66 inachotsedwa m'kaundula wa misewu ya boma. Ophika anali omwewo, chakudya chomwecho, koma pakhomo sipankaimanso galimoto.

Harland Sanders anali ndi malo odyera otchuka ku Corbin, m'chigawo cha Kentucky, pa msewu wa US 25. Zitamveka kuti msewu watsopano udzadutsa kwina, mtengo wa malowo unagwa, ndipo anawagulitsa motchipa. Chimene chinamupulumutsa ndi kakazingidwe kake ka nkhuku. Ankayenda kuphunzitsa eni malesitilanti ena, iwo n'kumamulipira masenti ochepa pa nkhuku iliyonse. KFC, kampani yotchuka yogulitsa nkhuku yokazinga, inakula motero. Nyumba sakanainyamula, koma luso ndi dzina anapita nazo.

Ndiye mwezi uno gulani kope, muzilemba tsiku ndi tsiku kuti mbale zingati zadyedwa ndi apaulendo, zingati ndi anthu a pompano. Ngati apaulendo ndiwo ambiri, chipinda chatsopanocho chidzakhala chopanda anthu pamene banki ikudikira chiwongoladzanja chake mwezi ndi mwezi, mwinanso nyumba yanu ili chikole.

Pitani ku khonsolo mukafunse pamene msewu watsopano udzakumane ndi wakale. Pamphambano imeneyo kachiteni lendi kaye, musathamangire kugula malo. Ndipo ntchito yomanga ikayamba, ogwira ntchitowo adzafuna nsima masana aliwonse. Kakambiraneni ndi kapitawo wawo msanga, ena asanakutsogolereni.