Achimwene, musafufute kaye nambala yanuyo

Achimwene, zomwe mwalembazi, zoti kulemera kwa nyenyezi komwe mwapeza kukusiyana ndi kwa m'pepala la akatswiri, zandikumbutsa zowawa. Ngati kulemera kwa nyenyezi za mu cluster yanu (gulu la milalang'amba) kukuposa kwa m'pepalalo pafupifupi kawiri, yang'anani IMF imene eni pepala anagwiritsa ntchito, ndiye kuti initial mass function, njira yoyerekezera kuti pa nyenyezi zobadwa, zolemera ndi zingati ndipo zopepuka ndi zingati. Ya Salpeter ya 1955 imawerengera tinyenyezi tambirimbiri tosawala kwenikweni koma tokhala ndi kulemera, ndiye yankho lake limaposa la Chabrier ya 2003 pafupifupi ka 1.7. Kuwala n'komweko, kwasiyana n'kuti mwaganiza kuti mumdimamo mwabisala nyenyezi zingati.

Ine ntchito ngati yomweyi ndinaipanga pa Coma, gulu lija la milalang'amba yoposa 1,000, lomwe katswiri wa zakuthambo Zwicky anaona mu 1933 kuti milalang'amba yake ikuthamanga kuposa mmene kulemera kwa nyenyezi zooneka kungaigwirire pamodzi. Ndinkagwirira kwathu ku Bembeke, chisanu cha June chili pakhosi, kutsitsa data ya SDSS (kafukufuku wamkulu wojambula thambo) usiku ndi bandulo ya ndalama za kachewere wa amayi. Kusankha mlalang'amba umodziumodzi ndi redshift (kufiirira kwa kuwala komwe kumatiuza kutalika kwake), kutaya ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, zala zitauma gwa. Supervisor wanga anandiuza ndi pakamwa pake, titaima pakhonde, kuti tenga Salpeter. Zomwe ndinalemba sanatsegule n'komwe. Tsiku loonetsa ntchito, bambo wina wa pa panelo anafunsa chifukwa chake nambala yanga yakwera chonchi. Ndinayang'ana kwa supervisor. Anali pa foni. Kenako anadzutsa mutu n'kunena kuti mwanayu ndinamuchenjeza koma samva. Anzanga m'chipindamo zii. Thukuta linatsika kumsana, mawu anandithera, dzanja likunjenjemera pa laputopu mpaka ndinalephera kubwerera pa tsamba lomwe panali yankho. Madzulo amayi anaimba kufunsa kuti zayenda bwanji, ndinangoti bwino. Munthu wamkulu, wa mutu wa imvi, kunamizira mwana wa eni kuti adziteteze yekha! Mpaka lero dzina lake ndikalimva mtima umandiwira.

Inu chitani izi. Musadalire kuwala kwa buluu, nyenyezi zongobadwa kumene zimawala mopitirira kulemera kwake. Tengani kofiira, kapena K band (kuwala kwa infrared) ya kafukufuku wa 2MASS, kumene mass-to-light ratio, kutanthauza kulemera poyerekeza ndi kuwala, sisinthasintha kwambiri. IMF yanu ilembeni poyera patsamba loyamba. Musadabwenso kuti nyenyezi zonse pamodzi zikungokwana 1 kapena 2 pa 100 ya kulemera kwa cluster yaikulu: mpweya wotentha umene umaoneka ndi X-ray umaziposa kutali, ndipo gawo lalikulu ndi dark matter, zinthu zosaoneka koma zokhala ndi kulemera. Palinso nyenyezi zomwazika pakati pa milalang'amba zomwe kuwala kwake kumaphonyeka mosavuta.

Koma supervisor wanu mumumvere, achimwene. Akati Salpeter, tengani Salpeter, osalimbana naye, anthuwa amadziwa zambiri ndipo ndi amene amasaina. Mungomupempha mwaulemu kuti akulembereni pa WhatsApp, uthengawo muusunge.